Chibwenzi cha Bambo a Nester

Lachinayi, 10 Julaye 1986

Chiperoni sichikutha. Zovala zosauma. Nkhuku imodzi yafa, mwina chitopa.

Bambo a Nester andipatsa moni lero. Ndikulemba kuti mawa ndisadzati ndinalota. Chikwatiranireni, moni wawo wa m'mawa ndi kutsokomola, kenako "Madzi!" Basi. Lero ndikusesa pakhomo, atuluka m'shedi mwawo mopalira matabwa, andiona, avula chipewa. Chipewa chimene amangovulira abusa! "Mwadzuka bwanji mayi?" Ndinacheuka kuti ndione mayi akunenedwayo. Kumbuyo kwanga kunali mbuzi yokha.

Ndayankha kuti ndadzuka. Akuti ndipirire, kuno kumazizira chonchi koma ndizolowera. Kuno kwake kuti? Mudzi uno ndi wa mayi anga, mchombo wanga uli kuseri kwa nkhokweyo. Wobwera ndi iwowo, mkamwini wa ku Mbombwe amene anafika ndi sowo ndi bulangete limodzi.

Mowa samwa. Ndanunkhiza jekete, utuchi wokhawokha. Mutu ndiwo akuudandaula, papita masabata tsopano. Ndawagulira mapiritsi pa kantini.

Loweruka, 12 Julaye

Zafika pena.

Ndili m'khitchini, chitseko chotseka chifukwa cha mphepo, ndafuula kuti madzi osamba atentha. Yankho lija la masiku onse: "Ndamva, sindine gonthi!" Mtima pansi, ndati achira. Ndituluka ndi beseni, andiona, adzuka pampando n'kundilanda. Akuti mlendo sasenza madzi. Kenako monong'ona, akuloza kukhitchini: "Musamale, mkazi wanga ali m'menemo. Munthu wabwino, koma nkhope ngati wamwa kwinini."

Kwinini! Ana asanu ndabereka, awiri ndaika m'manda, munda ndimalima ndekha, akufuna nkhope yanga izioneka bwanji?

Ndiye zili chonchi. Akamva mawu anga osandiona, ndine Matilda mkazi wawo. Akandiona ndi maso, ndine mlendo. Ndayesa kangapo. Kubisala kuseri kwa nkhokwe n'kuitana, akalipa. Kutuluka, avula chipewa. Kubisala, akalipa. Abiti Halidi, mnzanga wa nyumba yoyandikana wogulitsa zitumbuwa, anandipeza ndikuzungulira nkhokwe. Akuti wodwala ndi ineyo.

Nyale ikazima ndimabwerera kukhala Matilda, amandipatsa msana monga kale. Kukacha ayamba kudandaula kuti Matilda alibe mwambo, amathawa alendo.

Madzulo andifunsa dzina. Ndikanangonena zoona. Ndinati ndine Easter. Sindikudziwa chimene chinandilowa.

Lachitatu, 16 Julaye

Anapita ku Namitambo kukagula misomali. Abwera opanda misomali. Sopo wonunkhira, masikono awiri, duku lachikasu. Zonse za Easter. Chitseko cha aphunzitsi chili poteropo chosatha, mwiniwake wabwera kawiri.

Ine ndapempha duku kuyambira chaka chimene Nester anayamba sukulu. Yankho linali lakuti mutu wanga sunabooke.

Andisendera nzimbe. Kuisenda, kuidula timapisi, kuika m'mbale. Mpeni unawapulumuka kawiri, dzanja lamanzere likuchita ulesi. Akuti ndi chisanu. Atatha ayamba kuimba za Chilomwe zimene ankaimba mayi awo, ine sindinkadziwa n'komwe kuti munthuyu ali ndi nyimbo m'mimba mwake. Kenako kuvina tchopa, pabwalo, masana dzuwa likuswa mtengo, mkulu wa mpingo wathunthu, mwendo umodzi ukutsalira m'mbuyo. Ndaseka mpaka kukhala pansi. Nthiti zikundipwetekabe.

Ndinawafunsa za mkazi wawoyo. Manyazi ndilibe. Akuti Matilda ndi mkazi wa ntchito, m'mudzi muno mulibe wina. Ndati nanga bwanji simumuuza? Anakanda mutu nthawi yaitali. "Poyambira pake mayi. Mukachedwa kuyamba, poyambira pamasowa."

Ndinalowa m'khitchini kukalira. Atamva kufwenthera afuula kuti Matilda asiye phokoso, pali mlendo.

Lamulungu, 20 Julaye

Andifunsira. Osati kwa ine ndekha. Dzulo anavala jekete la pa mgonero n'kupita kwa achimwene anga a Timoti, nkhoswe yanga ya ukwati womwewu, kukanena kuti maso awo agwera mayi wina amene akukhala pakhomo pawo, ndipo amva kuti ndi mbale wa a Timotiwo.

Munthu wanzeru akanati alamu khalani pansi, mwadwala. Achimwene anga akuti anayankha kuti nkhaniyo ndi yaikulu, abwere ndi nkhuku. Ndawakalipira. Iwo osachita manyazi: "Chemwali, nkhuku ya chinkhoswe choyamba inali mafupa okhaokha, ndakhala ndikudikira." Tambala wanga wofiira wapita choncho.

Ku tchalitchi anandiperekeza mpaka kumbali ya amayi, kuyala mpango wawo pa benchi kuti ndisadetse chitenje. Mpingo wonse makosi kutembenuka. Pa nthawi ya zolengeza aimirira, akuti pakati pathu pali mlendo, mayi Easter, timulandire. Ena anawomba m'manja, poti anazolowera kuwomba a Rafaeli, bambo a Nesterwo, akalamula. Ine mlembi wa bungwe la amayi, wobatizidwa pa tchalitchi chomwecho, ndinaimirira n'kuwerama.

Ndalembera Nester ku Limbe kuti bambo ake sakupeza bwino. Zambiri sindinalembe. Ungazilembe bwanji kwa mwana?

Lachiwiri, 22 Julaye

Abiti Halidi andikakamiza, tapita nawo ku chipatala chaching'ono cha kwathu kuno. Anavomera kupita chifukwa ndinati wodwala ndi Easter, akufuna womuperekeza.

Adokotala a pamenepo, mnyamata wa ndevu zochepa, anayamba ndi kuseka. Atawaunika m'maso ndi tochi anasiya. Anawauza kuti atseke maso n'kutambasula manja onse awiri. Lamanzere linayamba kutsika lokha pang'onopang'ono, eni ake osadziwa. Ndiye funso: kodi anagundapo mutu miyezi yapitayi?

Ndati ayi. Abiti akuti nanga thabwa lija? Zoonadi. Mu Meyi, akukhoma denga la tchalitchi, thabwa linapulumuka pamwamba n'kuwamenya kumanja kwa mutu. Anakhala pansi, anatukwana amene analiponya, anadzuka n'kupitiriza. Magazi sanatuluke. Ndani akanakumbukira?

Adokotala akuti magaziwo anatuluka ndithu, koma m'kati. Akudontha pang'onopang'ono pansi pa chigaza, akufinya ubongo. Akuti tipite ku chipatala chachikulu ku Blantyre, sabata ino, osati ya mawa. Ananena kawiri.

Pobwerera ndawauza abiti kuti tidikire aphunzitsi alipire chitseko, thiransipoti palibe. Bodza. Ya thiransipoti ilipo, ili m'chitini cha tiyi.

Zoona zake ndi izi, poti pano palibe wondimva. Sindikufuna. Ndikufuna sabata imodzi yokha. Munthu wadikira moyo wonse kuti wina amusendere nzimbe, akangomusendera akuti ndi matenda, tikachotse. Mulungu andikhululukire, sabata imodzi.

Lachisanu, 25 Julaye

Andipangira kampando. Miyendo itatu yofanana, wachinayi waufupi. Bambo a Nester amene amakana kugulitsa tebulo likangotsimphina pang'ono! Iwo sakuona vuto. Ndakhalapo choncho mopendekeka, akundifotokozera za nyumba imene adzandimangire, ya mawindo agalasi, yoyang'ana kuphiri. Matilda akuti adzamusiyira yakaleyi, asadandaule.

Ndikumuchitira nsanje Easter. Ndikumumvera chisoni Matilda. Onse awiri akuphika m'poto mmodzi.

Agona kwambiri masana ano. Chakudya adya theka.

Lamulungu, 27 Julaye

Milandu iwiri tsiku limodzi.

Woyamba, akulu a mpingo, titaweruka. Akuti nkhani yafika kwa iwo yoti a Rafaeli akufuna mitala. Ndati wachiwiriyo ndine ndemwe. Akuti zimenezo akudziwa, koma Mulungu amayang'ana mumtima, ndipo mumtima mwa a Rafaeli muli mkazi wachilendo. Chigololo chachitika. Andifunsa ngati ndinalandira duku. Ndati eya. Ndinalandira ngati ndani? Ngati Easter, adziyankha okha. Ndiye kuti nanenso ndalowerera banja la mwini. Ndati mwiniyo ndi ndani? Akuti mayi Matilda. Ndati mayi Matilda sakudandaula. Mkulu wina akuti mayi Matilda ndi munthu wopirira, tisapezerepo mwayi.

Atiimitsa mgonero tonse awiri miyezi itatu. Za Matilda akuti iye atha kumadya, alibe mlandu. Ndafunsa kuti adzadya ndi pakamwa pati. Akuti ndisachite mwano.

Wachiwiri ndinaupeza pakhomo. Amalume awo a bambo a Nester, a Albert, mwinimbumba wa kwawo ku Mbombwe, atakhala pa kampando kanga kopendekeka, ndodo pakati pa miyendo. Iwo matenda anawapeza kale ali m'njira. Kondaine. Akuti ndinathira wambiri, mankhwala amenewo amathira kunsonga ya mpeni osati ndi chipande. Ndati amalume, ndikanakhala nawo mankhwalawo ndikanadikira mpaka imvi? Akuti akazi a kuno ndi odekha.

Ndawauza za Blantyre. Akuti mwana wa mlongo wawo sapita kulikonse. Mkamwini amabwereketsa manja ndi msana, mutu umatsala wa kwawo.

Ndinakondwa atakana. Ndikulemba kuti ndinakondwa.

Lachiwiri, 29 Julaye

Agwa m'shedi m'mawa. Kusanza. Thalauzi lonyowa. Mwendo wamanzere ngati si wawo. Ndinawaitana ndili kumutu kwawo, osandiona, anangoti "Matilda, mutu." Mawu aang'ono ngati a mwana.

Sabata yanga ija ndi imeneyi.

Nester wafika masana, kalata inamupeza dzulo. Abiti anamuuza zonse za adokotala. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti adokotalawo ananena zimenezi Lachiwiri liti. Lole ya nandolo ya a Shabani yatitenga mpaka ku Limbe. Amalume anakwera nawo mokakamira, akuti akukaperekeza mutu wawo.

Lachitatu, 30 Julaye, ku Blantyre

Wodi ya amuna. Fungo la mankhwala opopera pansi. Bedi lachitsulo, ine mphasa pansi pake. Wa bedi loyandikana anagwa mu mtengo wa mapeyala, amaitana ng'ombe tsiku lonse.

Awabaya jakisoni, awaika diripi, madzulo atsitsimuka ndithu. Kutsegula maso, kundiona, dzanja kupita kumutu kufuna chipewa. Anesi afunsa kuti wodikirira wodwalayu ndi ndani wawo. Ndati mkazi wawo. Iwo ali pabedi: "Ayi sisitala, tisanamizane, ndi chibwenzi." Anesi andiyang'ana kuyambira kumapazi. Akuti muno salola zimenezo, akabwera mkazi weniweni kumenyana kwake kumakhala koopsa, anaonapo. Nester ndiye anachita kulumbira kuti ndine mayi ake. Anesi akuti ndiye kuti chibwenzicho n'chakale.

Ajambula mutu. Chithunzi chake chigaza chokhachokha chikuseka, mano onse pamtunda. Amalume achiyang'ana n'kunena kuti ameneyo si Rafaeli, Rafaeli saseka.

Lachinayi, 31 Julaye

Dokotala wamkulu wa maopaleshoni, mzungu wamtali wa nsapato zamatabwa, Chinyanja chake cha m'mabuku a tchalitchi. Ndamufotokozera za mawu ndi nkhope. Maso ake anawala ngati ndamupatsa mphatso. Akuti zimenezi anangoziwerenga ali pasukulu kwawo, sanazionepo ndi maso. Wapita, wabwera ndi gulu la ophunzira, aliyense kope m'manja.

Ndiye chionetsero. Andiimika kuseri kwa katani. "Lankhulani mayi." Ndati bambo a Nester mwadzuka bwanji. Yankho: "Ndadzuka bwanji ndili chigonere? Mbuzi wasiyira ndani?" Ophunzira kulemba. Atsegula katani. "Aa, mayi Easter, mwavutikiranji kubwera kutali konse kuno?" Ophunzira kulemba. Atseka. Atsegula. Atseka. Wa ng'ombe uja anayamba kuwomba m'manja. Zimene ndinkachita kuseri kwa nkhokwe abiti n'kumanditcha wamisala, kuno amazilemba m'makope.

Dokotala akuti magazi aunjikana kumanja, pakati pa fupa ndi ubongo, ndipo mbali imeneyo ndi imene imagwirizanitsa nkhope ya munthu ndi mtima wako pa iye. Chithunzi sichionetsa magaziwo, akuti makina oonetsa kuno kulibe, koma diso lakumanja ndi dzanja lamanzere zamuuza. Adzaboola chigaza mabowo awiri, magazi atuluke. Akapanda kupeza kanthu adzaboola mbali inayo. Akapanda kuboola, masiku owerengeka.

Anatulutsa choboolera chake kuti tione, tisaope. Bambo a Nester anachilanda, kuchizunguza, kuyesa nsonga ndi chala. Chofanana ndendende ndi chawo cha kunyumba, kungoti ichi n'chowala. Akuti n'chabwino, afunsa mtengo wake. Atamva kuti thabwa lake ndi iwowo anangoti aboole mowongoka.

Ndinamutsatira dokotala pakhonde. Ndafunsa kuti akadzuka adzakhala uti. Sanamve. Ndabwereza. Anandigwira paphewa, nkhope yonse chimwemwe: "Musaope mayi, mwamuna wanu adzabwerera monga momwe analili kale, ndithu ndithu." Ndinati zikomo.

Lachisanu, 1 Ogasiti

Tsiku lonse mkangano wa kusaina. Achipatala akuti asaine mkazi. Amalume akuti mkazi sasainira mutu wa mwamuna, chiyambire dziko. Achipatala akuti chabwino, asaine amalumewo. Amalume akuti iwo sangasaine kuti mwana wa mlongo wawo abooledwe ngati chipanda, akafa kwawo akanena chiyani? Ndiye palibe wosaina. Ine ndikasaina, akafa, ndiye kuti ndawapha ndine, maliro ndikaike ndekha ndipo mbumba yonse ya ku Mbombwe idzandipeza. Amalume ananena zimenezi pamaso pa Nester.

Achimwene a Timoti afika masana ndi nthochi. Atamva nkhaniyo akuti n'zosavuta, asaine Easter, poti ameneyo alibe mudzi woti anthu a ku Mbombwe akamupezeko. Amalume anaganizira ndithu! Akuti koma Easter sanamange chinkhoswe. Achimwene akuti nkhuku inadyedwa. Anesi anatitulutsa tonse.

Cha m'ma folo bambo a Nester anayamba kuvuta kudzutsa. Kuwagwedeza, maso kutseguka pang'ono, kutsekanso. Ndinagwada pomwe angandione. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi Easter, musachoke. Akandiboola ndikufuna ndidzayambe kuona inu." Ndati sindichoka.

Limenelonso bodza, ndipo ndinkadziwa. Akaboola, Easter watha. Akapanda kuboola, onse atha, wa chipewa ndi wa "Madzi!" yemwe. Panalibe chosankha, koma ndinazengereza popita ku ofesi ya anesi ngati chilipo.

Ndasaina. Matilda Rafaeli, zilembo zazikulu. Amalume ndawauza m'maso muli gwa kuti akaitane mbumba yawo, andipeza pano. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Awameta mbali imodzi. Alowa nawo kochitira opaleshoni dzuwa likulowa.

Loweruka, 2 Ogasiti

Ali moyo.

Dokotala akuti bowo loyamba lomwelo magazi anatumphuka, akuda ngati oilo wakale wa galimoto, odzaza kapu. Ubongo unali utakanikizidwa, akuti anauona ukudzuka pang'onopang'ono. Kapaipi kakutuluka m'bandeji. Sanadzuke bwinobwino, koma dzanja lamanzere lafinya chala cha Nester.

Amalume apempha magaziwo kuti akawakwirire kwawo. Anesi akuti anataya. Amalume akuti umenewo ndi mlandu wina, koma aunena ndi mawu ofewa, akudya nthochi za achimwene.

Ndavala duku lachikasu. Ndavula. Ndavalanso.

Lolemba, 4 Ogasiti

Adzuka m'mawa ndili pomwepo, pamaso pawo penipeni. Anandiyang'ana. Dzanja silinapite kumutu.

"Matilda. Madzi."

Nester kulumpha, kulira, kukumbatira anesi. Dokotala wabwera ndi ophunzira ake, katani kutseka, kutsegula, ponse pawiri Matilda. Onse kugwirana chanza. Dokotala akuti adzalemba nkhaniyi kuti anzake kwawo awerenge, wandifunsa ngati ndakondwa. Ndati kwambiri.

Ndipo ndakondwadi. Munthu wanga ali moyo, ana ali ndi bambo, ine sindine wamasiye kapena wakupha. Ndinapita kumpopi kukatunga madziwo, ndinakhalitsako pang'ono.

Atamwa akuti ndi ofunda. Afunsa kuti duku limenelo ndalitenga kuti, ndalama zake zachokera kuti.

Loweruka, 16 Ogasiti, kunyumba

Tinatuluka Lachitatu. Zipsera ziwiri kumanja kwa mutu, ana a m'mudzi akubwera kudzaona pomwe analowera mzungu. Nandolo wauma m'munda, wina wayamba kuthetheka. Mbuzi yabereka kulibe ife, abiti anaisamala.

Alowa m'shedi dzulo ngakhale analetsedwa. Apeza kampando kaja. Afunsa kuti chinthu chonyansachi wapanga ndani. Ndati munthu wina wongodutsa. Akathyola n'kuponya pa nkhuni.

Amalume atumiza uthenga kuti mlandu wa kusaina aukhululuka, poti mutu wabwerera wonse, kungochepa magazi. Akulu a mpingo akuti chilango chikhalebe mpaka Okutobala, kudwala sikufafaniza zimene mtima unachita. Achimwene a Timoti akufunsa ngati ukwati wachiwiri uja ulipobe, mbale anakonza kale.

Aliyense akuseka. Nanenso ndimawathandiza. Mlendo ndi mame, akutero abiti, n'kundipatsa chitumbuwa chaulere. Iwo okha ndi amene azindikira kuti pakhomo pano pachitika maliro opanda mtembo.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Sanapite ku tchalitchi, akuti mutu. Inenso ndinatsala, ndikusola nandolo pakhonde. Abwera, akhala patali pang'ono, kuyang'ana kuphiri osati kwa ine. Kutsokomola kawiri. Ndinadzuka kuti ndikatunge madzi. Akuti khala pansi.

Akuti pali nkhani, ndipo ndi bwino ndiimve kwa iwo osati kwa anthu. Pamene ankadwala, pakhomo pano pankabwera mayi wina. Sakudziwa kwawo. Sanachite naye kanthu, Mulungu ndi mboni, koma mtima unapita. Anamugulira zinthu. Anafika mpaka kwa alamu awo. "Ndinakulakwira Matilda. Sadzapondanso pano, ndipo ndikadzakumana naye panjira sindidzamupatsa moni."

Ndiye kuti zonse akukumbukira, nzimbe, tchopa, nyumba ya magalasi. Chimodzi chokha ndicho sichinalumikizike. Nester anawauza ku chipatala, dokotala anawauza, achimwene amawaseka nazo tsiku lililonse. Iwo akuti anthu akungofuna kuwachotsa manyazi. Mkazi wawo amamudziwa, si uja.

Aka n'koyamba kundipepesa chikwatiranireni, ndipo akupepesa chifukwa chondikonda.

Ndati ndakhululuka. Anapumira m'mwamba, n'kuyamba kudzuka. Pakamwa panga posamva, ndafunsa kuti kodi mayiyo anali wokongola kuposa ine. Akuti ndisafunse zopusa. Anafika mpaka pakhomo la shedi, anaima, osacheuka.

"Nkhope ngati yako yomweyi. Kungoti ujayo ankaseka."

Alowa. Ndikumva akunola sowo. Nandolo ali pamiyendo panga, ndasiya kusola. Ndikufuna kupita pakhomo la shedilo ndikawafunse kuti nanga mayiyo ankaseka yekha ngati wamisala, panalibe womuseketsa? Ndipo womuseketsayo ali kuti, poti ineyo ndikumufuna, ndikhoza ngakhale kuyamba ndine kumusendera nzimbe.